NZERU ZA KU CHINA PA KASUNGIDWE KA THUPI M'NYENGO YA MPHUKIRA

Caka ndi caka, pa tsiku la 3, la 4 kapena la 5 Febuluwale, anthu a ku China amalonjera Lichun, ndiko kuti ciyambi ca nyengo ya mphukira. Mlendo wofika mu mzinda wa Beijing pa tsikulo sangaone mphukira iriyonse, pakuti mitengo imakhala ikali yopanda masamba, madzi a m'maiwe ali oundana ngati mwala, ndipo anthu akali kuyenda atadziphimba ndi majasi olemera. Komabe m'nyumba zambiri mumaphikidwa cakudya ca mwambo wa tsikulo, ndipo m'manyuzipepala ndi pa wailesi asing'anga a mankhwala a makolo amayamba kukumbutsa anthu za kagonedwe, kabvalidwe ndi kadyedwe koyenera miyezi itatu irinkudza.

Nkhani imeneyi iri ndi phindu kwa ife, popeza madotolo a ku China akhala akugwira nchito m'zipatala za m'Zambia kuyambira caka ca 1978, ndipo lero matiyi ndi mibulu ya zitsamba yocokera ku dzikolo ipezeka m'masitolo a m'mizinda yathu, ena mwa ogulitsa nalonjeza kuti mankhwala ao atsuka ciwindi. Tsono awerengi athu ayenera kudziwa cimene ciphunzitso ca ku China cinena, kuti athe kupeta mbeu ndi kutaya mankhusu. Adzaona kuti mbali yaikulu ya ciphunzitsoco silira ndalama ai, ndi kuti mbali imene ilira ndalama ndiyo ifunika kucenjera nayo.

KALENDALA YA ALIMI

Alimi akale a m'cigwa ca mtsinje wa Huang He, kumpoto kwa China, anagawa caka m'zigawo 24 motsatira kayendedwe ka dzuwa, cigawo ciriconse cokhala ndi masiku 15 kapena kuposerapo pang'ono. Maina onse a zigawozi apezeka kale m'buku lochedwa Huainanzi, limene linaperekedwa kwa mfumu m'caka ca 139 Kristu asanabadwe, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO linalemba kalendalayi m'kaundula wa cuma ca miyambo ya anthu a pa dziko lonse.

Nyengo ya mphukira iri ndi zigawo zisanu ndi cimodzi. Itatha Lichun imabwera Yushui, madzi a mvula, ca pa 19 Febuluwale. Ca pa 5 Marichi ifika Jingzhe, pamene akuti kugunda kwa mabingu kumadzutsa tizirombo togona m'nthaka. Ca pa 20 Marichi ndi Chunfen, pamene usana ndi usiku zilingana. Qingming, kuyera kwa thambo, ifika ca pa 5 Epulo, ndipo yotsiriza ndi Guyu, mvula ya mbeu, ca pa 20 Epulo. Pofika kumayambiriro kwa Meyi nyengo yotentha imakhala yayamba.

Asing'anga anatenga kalendala ya alimiyi naigwiritsa nchito pa thupi la munthu. Maganizo ao anali akuti monga munda ufuna nchito yosiyana pa nyengo iriyonse, cimodzimodzinso thupi.

BUKU LA ZAKA 2,000

Gwero la malangizo amenewa ndi buku lochedwa Huangdi Neijing, limene linasonkhanitsidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Linalembedwa ngati kukambirana kwa mfumu Huangdi ndi nduna zake, makamaka sing'anga Qibo, ndipo liri ndi mbali ziwiri, iriyonse ya mitu 81. Mutu waciwiri wa mbali yoyamba ndiwo ufotokoza za nyengo zinai za caka.

Pa za nyengo ya mphukira bukuli lilangiza munthu kulawira podzuka, kuyendayenda pabwalo mwacifatse, ndi kumasula thupi pamodzi ndi tsitsi kuti pasakhale comupana. Lipitiriranso ku za mtima, kuti m'miyezi imeneyi munthu akhale wopatsa ndi woyamikira, osati wolanda ndi wokonda kulanga. Wonyozera zimenezi, bukuli liti, abvulaza ciwindi cake, ndipo matenda adzampeza nyengo yotentha ikafika. M'mutu womwewo munthu wofuna mankhwala atadwala kale ayerekezedwa ndi uja wokumba citsime ludzu litamgwira. Apa ndipo pagona mutu wa ciphunzitso conse: sing'anga wanzeru achinjiriza matenda asanafike.

Nanga cifukwa ninji ciwindi? Akale a ku China anaika zinthu zonse m'magulu asanu: mtengo, moto, dothi, citsulo ndi madzi. Gulu liri lonse analipatsa nyengo yake, ciwalo cake, mtundu wake ndi kakomedwe kake. M'gulu la mtengo anaikamo nyengo ya mphukira, ciwindi, maso, minyewa, mphepo, mtundu wobiriwira, zakudya zowawasa ndi mkwiyo. Motero malangizo onse a nyengoyi azungulira pa zinthu zimenezi.

Za tulo, asing'anga a masiku ano amaonjeza kuti munthu agone ora la 11 usiku lisanakwane, pakuti m'ciwerengero cao maora a pakati pa 11 usiku ndi 3 mbandakuca ndiwo a ndulu ndi ciwindi. Madotolo a zipatala sagawira ziwalo maora motero, koma abvomereza kuti munthu wamkulu afunika tulo ta maora osacepera 7, ndiponso kuti kuwala kwa dzuwa la m'mawa kumathandiza thupi kusunga nthawi yake yogona ndi yodzuka. Ku Beijing usana umatalika kucokera pa maora 10 pa Lichun kufikira pafupifupi 14 kumayambiriro kwa Meyi, tsono kulawira kuli kungotsatana ndi dzuwa.

OSAFULUMIRA KUBVULA JASI

Pali mwambi wina umene mwana ali yense wa kumpoto kwa China anaumva kwa agogo ake, wakuti m'nyengo ya mphukira funda, koma cisanu cikamayandikira pirira kuzizira pang'ono. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu asanyengedwe ndi dzuwa la tsiku limodzi nataya zobvala za m'cisanu.

Mwambiwu unabadwa cifukwa ca nyengo ya kumeneko. M'mwezi wa Marichi kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku kumasiyana kawirikawiri ndi madigiri oposa 10, ndipo mphepo yozizira yocokera ku Siberia ndi ku Mongolia imabwerera mwadzidzidzi anthu ataganiza kuti yapita. Kuonjezera apo, mipope yotenthetsa nyumba mu mzinda wa Beijing mwa lamulo imatsekedwa pa 15 Marichi, kotero kuti m'nyumba mumazizira kuposa m'mwezi wa Januwale. Ndico cifukwa cake okalamba amauzidwa kubvula cobvala cimodzicimodzi, ndi kusunga mapazi, miyendo, msana ndi khosi zofunda.

Lero tidziwa kuti cimfine cimadza ndi kacirombo, osati ndi mphepo yokha. Koma tidziwanso kuti kuzizira kumafinya mitsempha ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, ndipo zimenezi ziri zoopsa kwa acikulire ndi kwa odwala mtima. Mphepo ya nyengoyi imanyamulanso mcenga wa ku cipululu ca Gobi. Pa 15 Marichi 2021 thambo la Beijing linasanduka lacikasu ndi fumbi, ndege zambiri zinalephera kuuluka, ndipo anthu analangizidwa kukhala m'nyumba. Akale amene anacha mphepo kuti mtsogoleri wa matenda sanadziwe za tizirombo, koma maso ao anaona bwino nthawi imene anthu amatsokomola.

KULUMA MPHUKIRA

Mwambo wa cakudya ca pa Lichun uchedwa yaochun, ndiko kuti kuluma mphukira. Banja limaphika timikate topyapyala ta ufa wa tirigu tochedwa chunbing, nakulungamo mphukira za nyemba, masamba onga a anyezi ochedwa jiucai, mazira ndi nyama pang'ono. Nyengo ikamapita, pa msika pafika ndiwo zina: jicai, imene imamera yokha m'minda, mphukira za nsungwi, ndi nsonga zofiirira za mtengo wa xiangchun, zimene amayamba azibviika m'madzi owira asanazikazinge ndi mazira.

Kuti timvetse kufunika kwa ndiwozi tiyenera kukumbukira cisanu ca kumeneko, pamene nthaka imauma gwa kwa miyezi ingapo osamera kanthu. Kufikira m'zaka za m'ma 1980, mabanja a mu Beijing anali kufola pa mzere mu Novembala kukagula kabici wocuruka, namuunjika pa khonde kuti adye cisanu conse pamodzi ndi ndiwo zosungidwa mu mcere. Munthu wodya motero miyezi inai amaperewera mavitamini opezeka m'masamba aawisi. Conco ndiwo zoyamba za caka zinalidi mankhwala, monga momwe bondwe woyamba amakomera ku banja limene latopa ndi mfutso.

Sing'anga wochuka Sun Simiao, amene anamwalira m'caka ca 682 ndipo akumbukiridwa monga Mfumu ya Mankhwala, analangiza kuti m'nyengoyi munthu acepetse zowawasa ndi kuonjeza zotsekemera. Anati ciwindi cimakhala kale ndi mphamvu yocuruka, ndipo cikaonjezedwanso cimapondereza ziwalo zogaya cakudya. Koma awerengi asathamangire ku mbale ya shuga. Zotsekemera zimene asing'anga amanena ndizo phala la mapira, zilazi, uci pang'ono ndi zipatso zofiira zochedwa dazao, zimene ziri pa cibale ndi masau athu a ku Luangwa. Wodwala matenda a shuga atsate zimene anauzidwa ku cipatala.

Tiyi nayenso ali ndi malo ake. Masamba a tiyi wa Longjing wa ku Hangzhou othyoledwa tsiku la Qingming lisanafike ndiwo a mtengo wapatali koposa, ndipo anthu ambiri amamwanso madzi otentha obviikamo maluwa ouma a juhua pofuna kupumitsa maso.

KUONGOLA MINYEWA

Mlendo wolawira kupita ku mapaki a mizinda ya ku China amapeza magulu a amai ndi abambo acikulire akukweza manja ndi kupinda maondo pang'onopang'ono ngati anthu oyenda m'madzi. Masewera otere ndi akale. Sing'anga Hua Tuo, amene anakhalako zaka 1,800 zapitazo, akumbukiridwa cifukwa ca masewera otsanzira nyama zisanu: kambuku, gwape, cimbalangondo, pusi ndi mbalame. Ena amacita baduanjin, masewera a zigawo 8 amene satha ndi mphindi 15 zomwe. Ochuka koposa ndi taijiquan, amene mu 1956 boma la China linawafupikitsa kukhala a zigawo 24 kuti munthu wamba athe kuwaphunzira.

Pa mfundo iyi akale ndi madotolo a lero agwirizana kotheratu. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO lilangiza munthu wamkulu kucita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosacepera 150 pa mlungu. Ndiponso mu 2018 akatswiri a ku Oregon, m'dziko la America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 670 a zaka 70 ndi kuposerapo: amene anacita taijiquan kwa milungu 24 anacepetsa kugwa ndi magawo 58 pa 100 poyerekeza ndi anzao amene anangodziongola ziwalo. Ali yense amene anasamalapo gogo wothyoka fupa la m'ciuno adziwa kulemera kwa ciwerengero cimeneci.

Tsiku la Qingming, limene lakhala la chuti ca boma kuyambira 2008, limagwirizanitsa ulemu kwa makolo ndi kulimbitsa thupi. Mabanja amapita kukalambula manda ndi kuikapo cakudya ndi maluwa, kenaka nayenda m'minda ndi m'mapiri, mwambo umene aucha kuponda msipu. Ana ndi akulu omwe amaulutsa makaiti, ndipo kale ena anali kudula cingwe kuti kaiti ipite ndi matenda a caka conse. Kaya matenda anali kupita kapena ai, khosi ndi maso a munthu amene anabindikira m'nyumba miyezi inai zinali kupindula.

ZIWINDI ZIWIRI

Tafika tsopano pa mfundo yofunika kuimvetsa bwino. Pamene sing'anga wa ku China anena za gan, liu limene timalimasulira kuti ciwindi, sakunena nyama yokha ija iri pansi pa nthiti za ku dzanja lamanja. Iye akunena za nchito zingapo pamodzi: kusunga magazi, kuyendetsa mphamvu ya moyo yochedwa qi, ndi kukhazika mtima pansi. Munthu wokwiyakwiya, wa mutu wowawa, wa maso ofiira, wousa moyo kawirikawiri, amauzidwa kuti mphamvu ya ciwindi cake yatsekeka kapena yakwera, ngakhale magazi ake atapimidwa ku cipatala napezeka opanda bvuto.

Ciwindi ca ku cipatala ndi ciwalo colemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, cimene cimapanga ndulu, kusunga shuga ndi kusefa ululu wa m'magazi. Mkwiyo sucokera m'menemo. Komabe langizo la kupewa mkwiyo liri ndi maziko, kungoti wobvulala ndi mtima. Mu 2014 akatswiri a ku Harvard, atasanthula kafukufuku wa m'maiko angapo, anapeza kuti m'maora awiri otsatira kupsa mtima koopsa, ngozi ya kudwala mtima mwadzidzidzi imakwera pafupifupi kasanu. Conco sing'anga wouza munthu kuti akayende pabwalo m'malo mokangana ndi mkazi wake apereka mankhwala abwino, ngakhale achula ciwalo cina.

Tsoka limadza pamene munthu asokoneza ziwindi ziwirizi. Adani enieni a ciwindi ndiwo kacirombo ka hepatitis B, mowa wopitirira muyeso, ndi ululu wa cuku cimene cimamera pa nsawa ndi cimanga zosungidwa zisanaume. Adani amenewa amadya ciwindi mwakacetecete kwa zaka zambiri, ndipo pamene maso ayamba cikasu ndi mimba kutupa, matenda amakhala atapita patali. Palibe tiyi wotha kucotsa kacirombo kameneka. Dziko la China lomwe linapambana pa nkhondoyi ndi katemera: mu 1992 pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 osafika zaka 5 anali ndi kaciromboka, koma pofika 2014 ciwerengero cinatsika kufika pa ocepera mmodzi mwa ana 100. Katemera yemweyo ali m'gulu la amene ana athu amalandira ku sikelo pa milungu 6, 10 ndi 14.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Anthu ambiri amaganiza kuti cinthu cocokera ku citsamba sicingabvulaze. Zimene zinacitika mu mzinda wa Brussels, ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zitsutsa maganizo amenewa. Amai ofuna kucepetsa thupi anapatsidwa mibulu imene munalowa muzu wa Aristolochia m'malo mwa muzu wina wa dzina lofanana nao m'cinenero ca ku China. Amai oposa 100 anaonongeka impso, ambiri nafunika kusefedwa magazi ndi makina kapena kuikidwa impso zina, ndipo ena anadwala khansa ya m'njira ya mkodzo. Mu 2003 ndi 2004 boma la China linaletsa mitundu ingapo ya citsambaco. Mu 2014 bomalo linacenjezanso anthu za muzu wa heshouwu, umene ambiri amamwa pofuna kudetsa imvi ndi kulimbitsa ciwindi, kuti utha kuononga ciwindi comweco.

Sitikunena kuti nkhokwe ya mankhwala a ku China iri yopanda kanthu. Mai Tu Youyou, atawerenga zolemba za sing'anga Ge Hong wa zaka 1,600 zapitazo, anazindikira kuti citsamba ca qinghao sicifuna kuwiritsidwa, ndipo mu 1972 gulu lao linapatula m'citsambaco mankhwala a artemisinin. Analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Dziko la Zambia linali pakati pa maiko oyambirira mu Africa kusankha Coartem, wocokera ku mankhwala amenewo, kukhala mankhwala oyamba a malungo, ndipo miyoyo yambiri yapulumuka. Koma taonani njira imene citsambaco cinadzera: cinayesedwa, cinapimidwa muyeso, ndipo pambuyo pake cinafika kwa odwala. Botolo lopanda dzina la wopanga, lolembedwa m'cinenero cimene wogulitsa yemwe satha kuwerenga, silinadzere njira imeneyo.

M'dziko muno udindo wolembetsa mankhwala uli m'manja mwa bungwe la ZAMRA, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa ngati cimene agulitsidwa cinalembetsedwa. Amai apakati, ndi onse akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, asaleke mankhwala ao, ndipo asaonjezepo citsamba ciri conse asanafunse dotolo.

NANGA IFE TITOLEPO CIANI?

Tisaiwale kuti kalendala ya ku Huang He inapangidwira dziko la kumpoto. Mwezi wa Febuluwale kuno ndi pakati pa dzinja, nthawi ya udzudzu ndi madzi oipa, ndipo cofunika pa nthawiyo ndi kugona m'neti ndi kuwiritsa madzi akumwa. Nyengo yathu yofanako ndi ya mphukira ndiyo ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene cisanu cikutha, miombo ikubvala masamba ofiira, mphepo ikuulutsa fumbi ndi utsi wa lupsa, m'mawa kukali kozizira koma masana dzuwa likuwamba. Wofuna kutsanzira anthu a ku China atsanzire pa nthawi imeneyo: asafulumire kubvula agogo ndi makanda juzi la m'mawa, athirire dimba kuti ndiwo zaziwisi zisasowe pa mbale, aumitse bwino nsawa ndi kutaya zacuku, ayende mtunda tsiku ndi tsiku, agone pa nthawi yake, ndipo mkangano wa pa banja authetse dzuwa lisanalowe.

Zonsezi sizifuna ngwee ndi imodzi yomwe, ndipo phindu lake silioneka tsiku limodzi. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Asing'anga akale a ku China anaphunzitsa anthu ao kuyang'ana thambo ndi nthaka ya kwao ndi kukonzekera nyengo isanafike. Ife tiri ndi thambo lathu, nyengo zathu, ndiponso zipatala zotha kupima magazi. Munthu amene akayika za ciwindi cake apite kukapimitsa lero, ndalama ya botolo la pa msika aigulire ana ndiwo.